Chimangirizo cha pa Sikelo

Ukadutsa mapiri amene ojambula mapu anatopa asanawafike, umalowa mu ufumu wa Mwatero. Dzinali silinagwe kumwamba ayi. Kumeneko mfumu ikalankhula, kaya yanena kuti mawa kugwa mvula, kaya yanena kuti bakha ndi msuweni wa ng'ombe, munthu woleredwa bwino amayankha kamodzi kokha: "Mwatero, mfumu." Zotsalazo amakazinenera ku msika wa Mwamvanji, kumene munthu amapita kukagula mchere n'kubwerako ndi nkhani zodzadza dengu, mcherewo ataiwala.

Pa nthawi ya nkhaniyi pampando panali Mfumu Yaikulu Sindilakwa Wachitatu, munthu wabwino mtima ndithu, wokonda ana, wokonda kuseka, koma wosafuna kuchititsidwa manyazi ngakhale pang'ono. Ndipo kutali ndi likulu, kumene msewu umatopa n'kusanduka kanjira ka mbuzi, kunali sukulu ya pulayimale ya Tidzaona. Kumeneko n'kumene ankaphunzitsa bambo Zakeyu Mtambalika.

A Mtambalika anali mphunzitsi wa Sitandade 7, wamtali, wowonda, wa jekete limodzi limene choko chinalilowerera mpaka linaiwala mtundu wake. Analibe munda wa fodya, analibe njinga yamoto, ndipo ana awo obereka anali atakula n'kubalalikira m'matauni. Chimene anali nacho pa dziko lapansi chinali kalasi imeneyi, ndipo ankaikonda mosabisa. Ankadziwa mwana amene amalemba atatulutsa lilime, amene amatafuna bolopeni akasowa mawu, ndi amene amabisa kope lake ndi chigongono poopa kusekedwa.

Kaphunzitsidwe kawo ka chimangirizo kankadabwitsa anzawo. Sankayambira pabolodi. Ankatulutsa ana panja, kuwakhazika m'mbali mwa msewu, n'kunena kuti, "Musalembe kanthu. Penyani kaye." Ana ankapenya wakabaza akulimbana ndi chitunda, kapena mayi akukokana ndi mbuzi yokana kupita kumsika. Akabwerera m'kalasi ndiye ankalemba, ndipo a Mtambalika ankadutsa pambuyo ndi bolopeni yofiira, kudula mawu onse ongodya malo.

"Kulemba kuli ngati kupatulira chimanga," ankatero. "Mukasiya mbewu zambiri paphando limodzi simukolola kanthu. Zulani zinazo kuti zotsalazo zipume."

Mwa ana onsewo, amene ankawasangalatsa koposa anali Nelifa Chikadza, kamtsikana kachete kokhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Tsiku lina kalasi inauzidwa kulemba za munthu amene amamudziwa bwino. Anzake anadzaza masamba ndi "bambo anga ndi abwino kwambiri ndipo ndimawakonda kwambiri." Nelifa anayamba motere: "Bambo anga akakwiya salankhula. Amatsuka njinga. Sabata imene fodya wathu anabwezedwa ku okushoni, njinga yathu inkawala kuposa ya abusa." A Mtambalika anawerenga kawiri, navula magalasi, nayang'ana kudenga kwa kanthawi ndithu. Madzulo ake anauza akazi awo, mayi Nangondo, kuti ngakhale atafa mawa, kudziko kuno sanabwere pachabe.

Koma paja chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chomwecho kulikulu kunafika mlendo, mfumu ya ufumu wa Patsidya, ndipo a Sindilakwa anafuna kumuonetsa kuti ana a ku Mwatero ndi ophunzira. Anaitanitsa chimangirizo chopambana pa mutu wakuti "Mfumu Yathu." Chinaperekedwa pabwalo, pamaso pa mlendoyo: pepala limodzi, lolembedwa mbali imodzi. Mfumu inalitembenuza kuti ione ngati kuseri kuli zina. Kunalibe. Isanayambe n'kuwerenga komwe, kunadza kamphepo ka mu Ogasiti, n'kutsomphola pepalalo pachala, n'kuliulutsira pamwamba pa madenga. Asilikali analithamangira. Nduna nazo zinalithamangira, mikanjo ili m'manja. Mlendo uja anangotsokomola mwaulemu n'kunena kuti, "Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo."

M'mawa mwake nduna zonse zinaitanidwa kubwalo.

"Kodi ine ndine munthu wa pepala limodzi?" inafunsa mfumu. "Zaka zonsezi ndili pampando, milatho ndatsegulira, wina mpaka kawiri, mwana n'kundimaliza pa tsamba limodzi? Ana a mu ufumu uno sadziwa kulemba. Akulemba zouluka."

"Mwatero, mfumu," zinayankha nduna.

Kenaka nzeru zinayamba kutuluka. Nduna ya Zanyengo inapempha kuti mphepo iletsedwe kuwomba pabwalo pa masiku a alendo. Nduna ya Zamaulendo inati pafunika gulu lipite kunja likaone mmene ana a kumeneko amagwirira bolopeni, ndipo inadzipereka kulitsogolera ngakhale ulendowo utakhala wautali chotani. Koma amene anatenga tsikulo anali Nduna ya Maphunziro, Olemekezeka a Mgulazonse. Iwowa asanakhale nduna ankagula fodya m'midzi, ndipo m'kalasi anali atalowamo komaliza tsiku lina pobisala mvula.

"Mfumu, vuto ndi kachongedwe," anatero a Mgulazonse. "Aphunzitsi amachonga ndi maso. Maso amatopa, maso amakondera mwana wa mlamu, maso ena amafuna magalasi. Koma ine pa ntchito yanga yakale ndinaphunzira chinthu chimodzi: sikelo ilibe mbale. Zolemba za ana tiziziyeza pa sikelo. Mwana wodziwa kulemba azioneka ndi makilo."

Mfumu inaimirira, maso akuwala. Lamulo linatuluka tsiku lomwelo, ndipo linalengezedwa pa wailesi ya ufumu pakati pa nyimbo ziwiri zoyamika lamulolo, zimene mwamwayi zinali zitapekedwa kale. Linati kalasi iliyonse ya Sitandade 7 idinde zimangirizo zake zonse za teremu m'belo limodzi, ngati fodya, n'kupita nalo kulikulu pa Tsiku la Sikelo. Mphunzitsi wa belo lolemera koposa adzalandira mphoto imene mfumu idzaiganize pa tsikulo. Mphunzitsi wa belo lopepuka koposa adzalandidwa kalasi, n'kutumizidwa kukaweta abakha a mfumu ku dziwe la Sabwerera.

A Mtambalika anaimva nkhaniyi ku msika wa Mwamvanji, atapita kukagula mandasi kwa mayi Nasibeko. Mayiyo anawaikira mandasiwo m'manja, otentha choncho.

"Pepala lili kuti, mayi?" anafunsa, akuwasinthasintha m'manja.

"Pepala? Aphunzitsi, simunamve? Pepala lakwezedwa pa udindo. Dzulo linali lokulungira mandasi, lero ndi nzeru za dziko. Ana atenga onse, akuti akalemberepo."

"Ine ndiye ndakondwa nalo lamuloli," anatero wogulitsa makala pambali pawo. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikusenza matumba olemera, osadziwa kuti ndine pulofesa."

Anthu anaseka chikhakhali, ndipo a Mtambalika nawo anaseka. Ankaganiza kuti lamuloli lifa lokha, monga linafera lija loti atambala azilira motsatana ndi msinkhu. Koma masabata anapita, lamulo lili moyo, ndipo linayamba kubereka ana. Sukulu ina itayamba kulembera pa matabwa, nduna zinakhalanso pansi, n'kutulutsa lamulo lowonjezera loletsa matabwa ndi njerwa, pokhapokha ngati njerwayo ili ndi mutu ndi ndime zooneka bwino.

Tsiku lina mtima utawavuta, a Mtambalika anasonkhanitsa zimangirizo zonse za kalasi yawo, nazimanga ndi luzi, napita nazo kwa wabutchala kukabwereka sikelo. Wabutchalayo anachotsa mwendo wa mbuzi pa ngowe, napachikapo nzeru za ana a ku Tidzaona. Muvi wa sikelo unagwedezeka pang'ono ngati ukupereka moni, n'kubwerera pamalo pake.

"Pamenepa, aphunzitsi," anatero wabutchala mwachifundo, "ikanakhala nyama ndikanangokupatsani ulere, mukapatse mphaka. A ku sukulu ya Tilimbike anabwera dzana. Zawo zinafanana ndi mbuzi yathunthu, yabere."

A Mtambalika anafika kunyumba nkhope itagwa. Mayi Nangondo anayesa kuwalimbitsa mtima m'njira yawo.

"Nanga abakha ali ndi vuto lanji, bambo? Abakha amaikira mazira. Ana anuwo chiyambire anakuikiranipo chiyani?"

Koma sikuti a Mtambalika ankaopa abakhawo. Munthu amene waphunzitsa Sitandade 7 saopa chinthu chaphokoso. Chimene chinkawadya mumtima chinali choti kalasi yawo ipatsidwa kwa wina. Ankaona m'maganizo Nelifa atakhala pafupi ndi zenera lija, patsogolo pali mphunzitsi amene sakudziwa n'komwe chimene ali nacho m'kalasimo, ndipo zinkawapweteka kwambiri. Tsono anayamba kudzinyengerera, monga timachitira tonsefe. Teremu imodzi yokha, anadziuza. Kupambana sindikukufuna ayi, ndingofuna kukhala pakati, pamene munthu saoneka. Tsiku la Sikelo likadutsa tidzabwerera kumsewu kukapenya mbuzi.

Lolemba lotsatira analowa m'kalasi, natsekera bolopeni yofiira m'kabati, nalemba pabolodi kuti: "Dzuwa linatuluka."

"Chiganizo ichi chili ndi vuto lanji?" anafunsa.

Ana anayang'anana. Nelifa anakweza dzanja. "Chilibe vuto, aphunzitsi."

"Chili nalo. N'chowonda. Tiyeni tichinenepetse."

Pofika nthawi yopuma chinali chitanenepadi. Chinkati: "Dzuwa, lomwe ndi dzuwa lathu lokondedwa la ufumu wa Mwatero, limene limatulukira kum'mawa mwa chilolezo cha Mfumu Yaikulu, linayamba kuganiza zotuluka, ndipo litaganiza linatuluka, ndipo litatuluka anthu onse anaona kuti latulukadi." Ana anaseka mpaka misozi, poyesa ndi masewera. Aphunzitsi awo sanaseke nawo.

Kenaka anawapatsa chida chachikulu, chimene anachibwereka kwa akuluakulu olankhula pamisonkhano: kupereka ulemu. Chimangirizo chilichonse, ngakhale cha mutu wakuti "Kaphikidwe ka Therere," chinayenera kuyamba ndi ulemu kwa Mfumu Yaikulu, kwa akazi a mfumu, kwa nduna iliyonse ndi dzina lake ndi mfunda wake, kwa akazi a nduna, kwa oyendetsa magalimoto a nduna, kutsika choncho mpaka kwa mlonda wa pasukulu ndi galu wake. Pomaliza chinayenera kuwathokozanso onsewo, kuyambira kwa galu kukwera m'mwamba. Therere lenilenilo linkapezeka pakati penipeni, mizere iwiri, ndipo kawirikawiri linali losapsa.

Ana sachedwa kugwira chinthu. Zimene a Mtambalika anavutika nazo chaka chathunthu kuzizula zinaphukanso m'masabata ochepa, zili ndi nthambi. Nelifa yekha ndiye ankatsalira m'mbuyo. Tsiku lina anadikira anzake atuluke, n'kuima pafupi ndi tebulo.

"Aphunzitsi, ndikamamaliza kupereka ulemu ndimapeza kuti ndaiwala chimene ndimafuna kunena."

"Udzachikumbukira teremu ya mawa, mwanawe."

"Nanga zimene munkatiuza zija zinali zolakwa?"

A Mtambalika anayamba kufufuta bolodi limene linali lofufuta kale. "Sizinali zolakwa. Koma pakali pano tikufuna makilo. Kapena ukufuna ndipite kwa abakha?"

Nelifa anapukusa mutu mwamphamvu.

"Ndiye kalembe."

Ndipo mwanayo anakalembadi. Kuyambira tsiku limenelo panalibe womuposa. Ankalemba pa nthawi yopuma, ankalemba poweruka, chala chinachita chithuza, ndipo nduna iliyonse ankaipezera maina aulemu amene ngakhale mwini wake sankawadziwa. A Mtambalika ankalandira milu ya mapepala ake n'kunena kuti, "Wachita bwino," maso ali kwina.

Cholakwa chawo chachikulu anachichita pa msonkhano wa makolo. Iwo ankangofuna kupempha mapepala. Koma wapampando wa komiti ya sukulu anali a Chikadza, bambo ake a Nelifa, mlimi wa fodya amene anamerera imvi pamaso pa masikelo a ogula. Atangomva mawu oti belo, anakhala tsonga.

"Aphunzitsi, za ndime ndi ziganizo ndi zanu, ife sitilowererapo. Koma belo ndi lathu. Inu chibadwire munadindapo belo?"

"Ayi, bambo Chikadza. Komatu ine ndikungofuna tikhale pakati."

"Pakati! Mudzi uno sunakhalepo pakati pa nkhani ya sikelo. A Mgulazonse omwewo ankabwera kuno ndi kasikelo kawo konama kaja, ife n'kumawalandira ndi nzeru zathu. Timadziwana. Inu kaphunzitseni ana, zinazo mutisiyire. Mutu umodzi susenza denga."

Makolo anaomba m'manja, ndipo kuyambira pamenepo mudzi wonse unalowa m'maphunziro. Amayi ankatolera matumba a simenti n'kuwang'amba bwinobwino, poti pepala lake ndi lochindikala. Ana anauzidwa kuti azilemba zilembo zikuluzikulu ngati za pakhoma la golosale. Nkhalamba zimene sizinapondepo pasukulu zinkafunsa adzukulu kuti, "Lero walemba makilo angati?" Mwana woyankha monyinyirika ankauzidwa kuti akuchititsa manyazi mtundu. Sabata yomaliza zimangirizo zonse zinagonekedwa m'chigafa cha a Chikadza, ndipo mwini chigafa ankaziwaza madzi ndi tsache m'mawa uliwonse, mwachikondi, kuti zisaume mopitirira. Pa tsiku lodinda anabwera ndi jeke yawo yodindira fodya, ndi chiguduli chatsopano, ndi ndowa zodzadza mchenga wa kumtsinje.

"Mchengawo ndi wa chiyani?" anafunsa a Mtambalika.

"Woumitsira inki, aphunzitsi."

"Anawa amalemba ndi bolopeni."

"Ndiye tingoti mwina ina sinaume. Tapitani mukamwe tiyi, mukuoneka otopa."

A Mtambalika anapita kukamwa tiyi. Tisawanamizire kuti sanadziwe. Anadziwa bwino lomwe, ndipo tiyiyo anamumwa yense.

Pa Tsiku la Sikelo likulu linadzaza, posowa poponda. Mabelo anabwera pa njinga, pa mitu, ena pa machira. La ku Tidzaona linabwera pa ngolo, ng'ombe zikuyang'ana a Mtambalika ngati zikufunsa chimene zinawalakwira. Sikelo yaikulu inapachikidwa pa nthambi ya mtengo wa mango pabwalo la mfumu. Makwaya anaimba, amayi anavina, ndipo a Mgulazonse analankhula mpaka mithunzi inasuntha.

"Chaka chatha," anatero pomaliza, "ana athu ankalemba ndi mitu yokha. Lero, chifukwa cha utsogoleri wanu, mfumu, akulemba ndi misana yomwe."

Kuyeza kunayamba. Panali mphunzitsi wina wa ku sukulu ya Kumathero, mkulu wa imvi, amene anakana kusintha kaphunzitsidwe kake. Anafika ndi kabelo kake kukhwapa, atavaliratu majombo a mphira opitira kudziwe. Anapachika yekha kabeloko, naona muvi, nagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa zimene ankazidziwa kale. Podutsa anapereka moni kwa a Mtambalika, koma iwo anapezeka kuti akumanga chingwe cha nsapato.

Kenaka linafika belo la ku Tidzaona. Amuna amphamvu analinyamula akubuula, nalikoleka pa ngowe. Muvi unathamanga kudutsa manambala onse, n'kukafika pomwe unayambira. Nthambi inalira, inaliranso, kenaka inathyoka, belo n'kugwa pansi kuti khu! Fumbi linati koboo. Litatsika, panaoneka kamchenga kakutuluka pa msoko wa chiguduli.

A Mgulazonse anauona mchengawo. Anakweza maso, napeza a Chikadza m'gulu la anthu, ndipo awiriwo anagwedezerana mitu monga amachitira anthu odziwana kalekale. Kenaka ndunayo inaponda pamchengapo ndi nsapato yake yaikulu.

"Mfumu!" inafuula. "Nzeru zathyola mtengo!"

Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Mfumu inatsika pampando, n'kuyamba kulisisita belolo ngati ng'ombe yamphatso.

"Kodi muli zotani m'menemu? Tatsegulani timveko chimodzi."

A Mtambalika anachita mantha, inde, komanso pansi pa manthawo panali kachiyembekezo kachilendo, koti mwina lero wina awerengadi zimene ana alemba, zonsezi n'kuthera pomwepo.

"Mfumu, belo labwino satsegula," anatero a Mgulazonse mwamsanga. "Likapuma mpweya limataya makilo."

"Zoonadi," inatero mfumu mokhutira. "Ndipo ili ndiye mphepo iliyese tione. Mphunzitsi wake ali kuti?"

A Mtambalika anakankhidwira kutsogolo, nagwada. Mfumu inawagwira dzanja, n'kuliyang'ana mmene linayerera ndi choko, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake, pakuti inalidi munthu wachifundo.

"Munthu ngati uyu sangawolere kumudzi ndi tiana towerengeka," inatero. "Kuyambira lero, inu ndinu Mkulu wa Sikelo ya Maphunziro mu ufumu wonse. Muzikhala kuno kulikulu, ofesi yanuyanu, mpando wozungulira. Ndipo ndikulamula kuti dzanja ili lisadzagwirenso choko. Lavutika mokwanira."

A Mtambalika anatsegula pakamwa. Mawu anali nawo, aafupi, omveka bwino. Ankafuna kunena kuti, mfumu, zonsezi ndinachita kuti ndikhale ndi ana anga. Koma anali mwana wa ku Mwatero, woleredwa bwino, ndipo maso a ufumu wonse anali pa iwo.

"Mwatero, mfumu," anatero.

Paja walira mvula walira matope. Ku msika wa Mwamvanji nkhaniyi inali m'kamwam'kamwa, ndipo mayi Nasibeko anaima nayo mutu.

"Tandithandizeni, abale. Wopepuka wachoka, wolemera wachoka. Ndiye anawa atsala ndi ndani?"

"Atsala ndi sikelo," anayankha wamakala uja. "Iyo sikalamba, sidwala, sipita kumaliro."

A Mtambalika anapatsidwa masiku ochepa oti akalongedze. Pa tsiku lonyamuka, galimoto ya boma inaima pabwalo la sukulu ya Tidzaona, katundu ali kumbuyo, mayi Nangondo atakhala kale kutsogolo ndi chitenje chatsopano. Makolo anabwera kudzatsanzikana ndi munthu amene anaika mudzi wawo pa wailesi. A Chikadza analankhula, nalonjeza kuti chaka cha mawa athyola mtengo wonse. Kenaka ana a Sitandade 7 anatulukira kuseri kwa kalasi akukankha wilibala. Anali atakonza mphatso: chimangirizo chotsanzikana ndi mphunzitsi wawo, cholembedwa ndi kalasi yonse.

A Mtambalika anapempha woyendetsa galimoto kuti adikire pang'ono. Anakhala pakhonde, navala magalasi, nayamba kuwerenga. Ulemu kwa Mfumu Yaikulu. Ulemu kwa akazi a mfumu. Ulemu kwa Mkulu wa Sikelo, yemwe ndi mkulu wathu wokondedwa, amene anaganiza zochoka, ndipo ataganiza akuchoka. Anatembenuza tsamba, natembenuza lina, natenga mulu wina wapansi. Ankafunafuna mzere umodzi wokha woti anene kuti uyu ndi uje, uyu ndi uje. Sanaupeze. Ana onse ankalankhula ndi pakamwa pamodzi, ndipo panalibe chimene analakwitsa. Analemba ndendende monga anaphunzitsidwira.

Woyendetsa analiza hutala. A Mtambalika anakodola Nelifa.

"Mbali yako ndi iti, mwanawe?"

"Kuyambira apa mpaka apa, aphunzitsi." Analoza mulu wochindikala ngati njerwa. "Yanga ndiye yolemera kuposa za onse."

"Ndaona. Koma iweyo, mwini wakewe, unkafuna kundiuza chiyani?"

Nelifa anayang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala cha kuphazi.

"Analipo mawu ena, aphunzitsi. Ochepa chabe. Ndinawalemba poyamba, koma nditanyamula pepalalo m'manja ndinaona kuti mungakachite nalo manyazi kulikulu. Ndiye ndinalichotsa."

A Mtambalika anaika mapepalawo pansi.

"Tandiuza pakamwa, tsono. Ndikumvetsera."

Nkhope ya mwanayo inawala. Anaima chilili, manja kumbuyo, nakoka mpweya wambiri.

"Ndisanayambe," anatero, "ndipereke ulemu kwa Mfumu Yaikulu Sindilakwa Wachitatu, kwa akazi a mfumu, kwa Olemekezeka Nduna ya Zanyengo…"

Hutala inaliranso, motalika. Woyendetsa anatsika, natsegula chitseko, nanena mwaulemu kuti galimoto ya boma saidikiritsa. Makolo anawanyamulira wilibala ija n'kuikhuthulira kumbuyo, ndipo manja ambiri achikondi anawakankhira a Mtambalika pampando.

Pamene galimoto inkatuluka pabwalo la sukulu, iwo anali atatulutsa mutu pazenera, dzanja lili kukhutu. Nelifa ankathamanga pambali m'fumbimo, akulankhula mofulumira mmene akanathera, koma anali asanamalize nduna.